Chigoli, kachigoli ndi chikho cha Richmond: tiwafotokozere bwanji akumudzi?

Funso la sabata ino lachokera kutali, kwa achimwene ena amene akukhala ku Melbourne, ku Australia. Akuti: "Kuno ndinatengeka ndi mpira wa eni dziko, uwu amati footy, ndipo timu yanga ndi Richmond Tigers. Bambo anga ku Ntcheu ndi munthu wa mpira kwambiri, tikamaimbirana pa WhatsApp amafuna ndiwauze mmene timuyi inadzukira mu 2017 ndi mmene yagweranso, koma ndimangopezeka theka la nkhani ndalinena m'Chingerezi. Mpirawu ndiutchule chani? Goal ndi behind ndinene bwanji? Premiership ndi ligi kapena chikho? Nanga wooden spoon ndinene kuti chipande?"

Achimwene, mwandisangalatsa, chifukwa mwandifunsa za mawu amene ndimawakonda kuposa ena onse a mumpira, koma ndiyambe ndi dzina la masewerowo.

Kwathu mpira tinaugawa pawiri, wamiyendo ndi wamanja. Wamiyendo ndi uja wa Maule ndi Manoma, wamanja ndi ntchemberembaye, wa ma Queens. Ndiye wanuwo sukulowa konse konse, chifukwa anyamata 18 mbali iliyonse amaumenya ndi mwendo, amauwakha m'mwamba, amathamanga nawo uku akuunjanjitsa pansi mamita 15 asanakwane, ndipo popatsirana ndi manja saloledwa kuponya, amaugwira dzanja limodzi nkuumenya ndi chibakera. Bambo mukawauza kuti mpira wamiyendo ayamba kufunsa kuti goloboyi ndani, pomwe kumeneko kulibe goloboyi. Ingonenani kuti mpira wa ku Australia, basi, kenako muwauze kuti mpira wakewo ndi woumbika ngati dzira ndipo bwalo lake nalonso ndi lotero. Ena angatsutse kuti chinthu chosabulungira bwino si mpira. Ayi ndithu ndi mpira. Mawuwa poyamba sankanena za kubulungira, ankanena za labala. Agogo anga chubu cha njinga ankati mpira, zingwe za legeni ankati mpira, ndipo mpaka lero mitengo ya ku Vizara ku Nkhata Bay timati ndi mitengo ya mpira. Aswahili nawo amatero. Choseweretsacho chinangotenga dzina la chimene ankapangira, kenako dzinalo linakula mpaka chikulunga cha majumbo chomanga ndi luzi tinkachitcha mpira ife tili ana, mulibe ndi labala yemwe. Ndiye wachikopa wa ku Melbourne ulekeranji kukhala mpira?

Tsopano pa chigoli. Ine ndikamanena kuti kubwereka mawu si tchimo, umboni wanga woyamba ndi umenewu. Mzungu ali ndi liwu limodzi, goal, la malo komanso la chimene wachita ukalowetsa mpira. Ife tinalitenga nkuling'amba pawiri. Malo tinati golo, pagolo, ndi chifukwa chake timati waima pagolo, wauponyera kunja kwa golo. Chimene chimawerengedwa tinachiveka chi- nkukhala chigoli, zambiri zigoli, chimodzimodzi chingwe zingwe, chitseko zitseko. Ndipo mawu onse ozungulira amamvera: chigoli chokongola, zigoli ziwiri, chigoli chake chija. Palibe komiti imene inakhala pansi, ndi anthu a m'mabwalo ndi owulutsa mpira pa wayilesi amene anachita zimenezi ndi makutu awo, ndipo anachita bwino kuposa ambiri a ife ophunzira. Ndimakumbuka Loweruka masana titaunjikana pa wayilesi ya mabatire, munthu akukuwa kuti chigoliii mpweya mpaka kumuthera, panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankaganiza kuti akumva Chingerezi.

Nanga tikamati wamwetsa chigoli? Ine ndimakhulupirira kuti ndi kumwa komwe kuja, golo ndiye wamwetsedwa mpira, kapena timu inayo ndiye yamwetsedwa zowawa. Palinso kugoletsa ndi kuchinya. Onse atatu ndi abwino, sankhani amene bambo amagwiritsa ntchito.

Ndiye pa behind musavutike, Chichewa chinakonzeratu njira. Mbali iliyonse ya bwalo kuli mitengo inayi, iwiri itali pakati, iwiri ifupi m'mbali. Mpira ukamenyedwa ndi mwendo nkudutsa pakati pa itali ija osakhudzidwa ndi munthu, ndi mapointi 6, chimenecho ndiye chigoli. Ukadutsa cham'mbali pakati pa wautali ndi waufupi, kapena ukagunda mtengo wautali, kapena wina akaukhudza usanalowe, ndi pointi imodzi yokha. Chimenecho ndi kachigoli, tambiri tizigoli. Tili ndi ka- ndi ti- wochepetsera zinthu, kamwana tiana, kanyumba tinyumba, tizimugwiritsa ntchito. Fainolo ya 2017 pa MCG, bwalo lalikulu la ku Melbourne, muwauze chonchi: Richmond inamwetsa zigoli 16 ndi tizigoli 12, onse pamodzi mapointi 108, Adelaide inamwetsa zigoli 8 ndi tizigoli 12, mapointi 60. Bambo awerengera okha m'mutu nkupeza kuti kusiyana kunali 48, ndipo sadzafunsanso kachiwiri.

Chimene chimandinyansa ine ndi ichi chafala pa Facebook, "anaskola ma goals 16", "tawina ma games atatu". Ma- uja wachulukitsa kale, s wakumapetoyo akudzatani? Ndipo zigoli zilipo, masewero alipo, ngakhale magemu ndingalole. Kuwina ndi kuluza ndilibe nawo mlandu, analowa m'nyumba kalekale, timati sitinawine, watiwinitsa, mwatiluzitsa, adzawinanso, amapindika mbali zonse ngati mneni wina aliyense wa Chichewa. Liwu lobwereka likavomera kupindika chonchi ndi lathu. Koma lija lobwera ndi s wake osafuna kuvula, limenelo sindilandira.

Funso lanu la ligi ndi chikho ndiye lofunika kusamala, chifukwa apa mukhoza kuwanamiza bambo osadziwa. Kwathu kutenga ligi ndi kumaliza pamwamba pa matimu onse pakutha pa sizoni, chikho ndi mpikisano wina wapadera wochotsana. Ku AFL, ligi yaikulu ya mpirawu ku Australia, zinthu ziwirizi anazilumikiza. Matimu amasewera sizoni yonse, kenako amene amaliza kumtunda amalowa m'ndime zochotsana, ndipo katswiri wa chaka ndi amene wawina gemu imodzi yomaliza ija, Grand Final. Taonani Richmond yomweyo. Mu 2017, 2019 ndi 2020, zaka zonse zitatu zimene inakhala katswiri, pa mndandanda inamaliza pa nambala 3. Chaka chimene inamaliza pa nambala 1 ndi 2018, koma Collingwood inaitulutsa kutatsala gemu imodzi kuti ifike mu fainolo, chaka chimenecho inabwerera chimanjamanja. Ndiye mukati Richmond inatenga ligi mu 2017, bambo amva kuti inali pamwamba, zomwe si zoona. Nenani kuti inatenga chikho. Ndipo chikho chenicheni chilipo, chasiliva cha zogwirira ziwiri, chimene kaputeni Trent Cotchin ndi kochi Damien Hardwick ananyamula. Eni akewo nthawi zina amati flag, koma inu musati inatenga mbendera, bambo aganiza za chipani.

Chikho nalonso ndi liwu londikomera. Apa sitinabwereke, tinatenga chikho chathu chomwe chija cha mphonda chotungira madzi mumtsuko ndi kumwera thobwa, nkuchikweza kukhala mphoto. Tikanatha kunena kapu, poti kapu tili naye wa tiyi, koma khutu la Mchewa linakana, kapu ndi kanthu kapatebulo, chikho chili ndi ulemu wake. Ndiye wina akamati "tatenga cup" ine mtima umandipweteka.

Za zaka zimene timuyi inakhala osawina, azungu amati drought, ndipo ndamvapo achinyamata akuti chilala cha chikho. Poyamba ndinkafuna kukana poti ndi maganizo a Chingerezi, koma mlimi wa ku Ntcheu chilala amachidziwa kuposa wa ku Melbourne, ndiye amva. Ine ndekha ndikanati njala ya chikho, chifukwa chilala ndi cha kumwamba pomwe njala ili m'mimba mwa munthu, ndipo masapota a Richmond ndi amene ankaimva. Inayamba atawina mu 1980, nkudzatha mu 2017, zaka 37. Mwana wobadwa nthawi imeneyo anakula, kukwatira, kubereka, chikho osachiona. Cha kumapeto kwake ndiye kunali kowawa zedi, chifukwa mu 2013, 2014 ndi 2015 ankafika m'ndime zochotsana nkutuluka gemu yoyamba yomweyo zaka zitatu zotsatizana, kenako 2016 anatsetsereka mpaka nambala 13, anthu nkuyamba kukuwa kuti Hardwick achoke poti anali atakhalapo kuyambira 2010 opanda choonetsa. Akuluakulu a timu, Peggy O'Neal ndi Brendon Gale, anakana kumuchotsa, chaka chotsatira chikho chinabwera ku Punt Road, kwawo kwa Richmond. Mayi O'Neal ndi mzimayi woyamba kutsogolera timu ya AFL, anayamba mu 2013, ndipo powatchula nenani wapampando, liwu limene silifunsa ngati wakhalapoyo ndi bambo kapena mayi.

Pa fainolo ya 2019 musati "inawina" chabe, mukhala mwaimana nkhaniyo mchere. Richmond 114, GWS Giants 25, kusiyana mapointi 89, anzawowo zigoli zitatu zokha gemu yonse. Apa ndi pamene Chichewa chimalemera: inawathibula, inawakutumula, inawaswa, inawasambitsa chokweza. Kugonjetsa kusiyireni nyuzipepala. Muwauzenso za Marlion Pickett amene gemu yake yoyamba yeniyeni mu AFL inali fainolo imeneyo, nkumwetsamo chigoli, bambo akakhala munthu wa mpira nkhani imeneyi aikonda. Ya 2020 inali ina, chifukwa cha Covid inasamukira ku Brisbane pa bwalo la Gabba ndipo inaseweredwa usiku, Geelong inatsogola chigawo choyamba koma Richmond inabwerera nkuwina 81 kwa 50. Pamenepo mawu ndi akuti inachokera kumbuyo, kapena inatembenuza gemu.

Dustin Martin, wosewera wa Richmond, mumutchule chani? Munthu anatenga mendulo ya Norm Smith, ya wosewera bwino koposa mu fainolo, katatu konse, 2017, 2019 ndi 2020, palibenso wina anachitapo zimenezo, ndipo mu 2017 anatenganso Brownlow, mendulo ya wosewera bwino koposa sizoni yonse. Katswiri yachepa, aliyense masiku ano ndi katswiri. Dolo ndi ya anyamata pa msika, kwa bambo siyenera. Ine ndikanati katakwe kapena namandwa. Koma chonde musati nyenyezi, limenelo ndi star wongovekedwa malaya a Chichewa.

Dzina la Tigers lisiyeni momwemo. Mukayamba kusankha pakati pa nyalugwe ndi kambuku mutsegula mkangano wina, poti mayina onsewa kwathu ndi a chilombo cha mawanga chija, cha mizere cha ku Asia sitinakhale nacho. Ku Blantyre kuli Tigers yathu ndipo palibe amavutika kuitchula. Pa mgwirizano wa mawu, "Richmond yawina" ndi bwino chifukwa m'mutu muli liwu loti timu, "a Richmond awina" ndi bwinonso mukamanena za anthuwo. Chosayenera ndi kusakaniza, "Richmond yawina ndipo asangalala ndi chikho chake", apo sankhani chimodzi.

Chipande ndiye ayi, ndikukanitsitsa. Azungu amati timu yomaliza pansi penipeni yalandira wooden spoon, kwa iwo ndi chipongwe. Koma kwathu chipande si chinthu chonyozeka, ndi chomwe amaomolera nsima, wogwira chipande ndiye mwini kugawa, ana onse maso amakhala pa iye. Mukawauza bambo kuti mu 2024 Richmond inalandira chipande, aganiza kuti ndi mphoto ina ndipo akuyamikirani. Mthiko nawonso sukuthandiza. Nenani mmene timanenera, kuti inathera kumchira, inali yotsekera pa matimu onse 18. Ndipo zifukwa zake muwauze, kuti Hardwick anatula pansi udindo mu May 2023 sizoni ili mkati nkudzapita ku Gold Coast, Cotchin ndi Jack Riewoldt anapuma kumapeto kwa chaka chomwecho, Martin naye anapuma mu 2024, ndipo kochi watsopano Adem Yze chaka chake choyamba anawina magemu awiri okha.

Mukangoti kumchira, bambo afunsa kuti ndiye yatuluka mu ligi? Poti kwathu wakumchira amatsika. Ayankheni kuti kumeneko kulibe kutsika, timu imakhalabe momwemo, ndipo yothera kumchira ndi imene imayamba kusankha pa anyamata atsopano olowa mu ligi chaka chimenecho, ndi mmene Richmond inatengera Sam Lalor kumapeto kwa 2024. Dongosolo limeneli amati draft. Liwu lake la Chichewa palibe poti chinthucho kwathu kulibe, ndipo musalipeke, komanso samalani kuti bambo asamve ngati mukunena drafuti yosewera ndi zitsekero za mabotolo ija. Ingonenani kuti kusankha osewera atsopano, wakumchira ndiye amayamba.