Peni yamtengo yayamba kukanda pepala ndi kung'aluka: yankho kwa aphunzitsi a ku Lizulu

Aphunzitsi ena a cha ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, andilembera pa imelo. Alamu awo anawabweretsera peni ya inki kuchokera ku Johannesburg, thunthu lake losema ndi mtengo, nibu yake (kachitsulo kolembera ka kunsonga) yophwatalala, ija yolembera zilembo zokongola. Amalembera mayina pa masatifiketi a ana a sukulu ndi pa makadi a ubatizo kutchalitchi. Akuti: "Poyamba inkalemba bwino. Inki itatha ndinathiramo ya chidindo ya mu ofesi. Kenaka inayamba kudula zilembo ndi kukanda pepala. Ndinaiviika m'madzi usiku wonse, tsopano chivindikiro chachita mng'alu. Kodi yafa?"

Sinafe ayi, aphunzitsi. Chofunika kudziwa n'chakuti peni imeneyi ili ndi zigawo ziwiri zofuna zinthu zosiyana. Nibu ndi njira za inki zimafuna madzi pafupipafupi. Mtengo suwafuna n'komwe. Mukatsuka, ziwirizi muzizilekanitsa kaye.

Tiyambe ndi inki, chifukwa ndi pamene vuto linayambira. Mukatembenuza nibu muona kachipangizo kakuda kokhala ndi timano ngati ta chipeso. M'kati mwake muli timizere topyapyala kwambiri. Inki imatsika m'timizereto kupita ku mng'alu wa pakati pa nibu, kwinaku mpweya ukukwera kukalowa pamene inkiyo yachoka. Kasinthanidwe ka inki ndi mpweya kameneka ndi kamene Lewis Waterman anakalembetsa ku America mu 1884, ndipo mapeni a lero amayendabe mwanjira yomweyo. Timizereto tikangotsekeka pang'ono, zilembo zimaduka. Inki ya chidindo anaipanga kuti ikhale yonyowa pa siponji kwa miyezi, choncho ndi yolemera, yonanda, ndipo m'timizere totere imangomata. Ya pulinta nayo musaiyese. Yoopsa kuposa zonse ndi inki ya India, imene anthu ojambula amagwiritsa ntchito, chifukwa muli ulimbo womwe ukauma sumasungunukanso ndi madzi. Inu funani botolo lolembedwa kuti ndi la fountain pen basi, monga Parker Quink kapena Pelikan 4001. Kwathu kuno simupezeka wamba, ndikudziwa. Funsani m'masitolo a zolembera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, apo ayi alamu anu omwewo adzakutengereni. Botolo limodzi limakhalitsa ngati ntchito yake ndi masatifiketi okha.

Potsuka, masulani pakati pa peni. Thunthu ndi chivindikiro muziike patali, pouma. Mutsale ndi kachigawo kogwira ndi zala kokhala ndi nibu. Ngati muli kampope kokokera inki, kokani madzi ndi kuwatulutsa mobwerezabwereza mpaka atuluke oyera. Madzi akhale ozizira. Otentha amapinda kachipangizo kakuda kaja. Ngati a pa mjigo wanu ali ndi mchere, amene amasiya zoyera m'ketulo, gwiritsani ntchito a mvula kapena a m'botolo. Popeza inki ya chidindo ndi youma mutu, dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale mu kapu yodzaza likuthandizani, ndipo kachigawo kokhako mukhoza kukasiyamo usiku wonse, bola kakhale kapulasitiki kapena kachitsulo. Kakakhala kamtengo nako, thirani madzi pang'ono oti amize nibu yokha. M'mawa mutsukuluze, muimike nibu pa tishu kuti madzi atsike okha. Sipiliti, parafini ndi Jik zisayandikire. Ndipo chonde, lezala musailowetse mu mng'alu wa nibu. Anthu ambiri amatero pofuna kuti inki izituluka, koma mng'aluwo ukakula subwereranso bwinobwino.

Za kukanda pepala, pali zifukwa ziwiri ndipo chachiwiricho ndi chimene ndikuchikayikira kwambiri. Choyamba: mbali ziwiri za nibu zikhoza kukhala kuti zasiyana, ina yakwera ina yatsika. Jambulani nsonga yake ndi foni, mukulitse chithunzicho. Ngati zasiyanadi, kanikizani yokwerayo ndi chikhadabo pang'onopang'ono mpaka zifanane. Chachiwiri ndi dzanja. Tonsefe tinazolowera bolopeni, yomwe imalemba ngakhale mutaipotoza, ndipo timaikanikiza mpaka zilembo kuonekera tsamba lachitatu. Nibu yophwatalala simalola zimenezo. M'mphepete mwake monse muyenera kugunda pepala nthawi imodzi, ngodya zonse ziwiri. Mukapendeketsa pang'ono, ngodya imodzi imakumba pepala, mng'alu umachoka papepalapo, inki n'kuduka. Gwirani kuti m'mphepetemo mupendekeke pafupifupi madigiri 45 kuchokera pa mzere, ndipo musasinthe kagwiridweko mpaka dzina lithe. Kunenepa ndi kuwonda kwa chilembo kumabwera kokha, sikufuna mphamvu. Muzikoka nibu kutsika kapena kupita kumanja, osati kuikankha kukwera. Chilembo ngati "o" chilembeni kawiri, theka lakumanzere kenaka lakumanja, zonse kuyambira pamwamba.

Onaninso nambala yolembedwa pa nibu. Zambiri zimakhala 1.1, 1.5 kapena 1.9, kutanthauza mamilimita a m'lifupi mwake. Olemba mwaluso amati kutalika kwa zilembo zazing'ono kukhale pafupifupi kasanu m'lifupi mwa nibu. Ndiye ya 1.5 ikufuna zilembo zotalika mamilimita 7 kapena 8. Mukazipanikiza m'mizere ya m'kope, "e" ndi "a" zimatsekeka m'mimba n'kukhala madontho. Mapepala a makope otchipa amayamwanso inki n'kuimwaza, ndipo timaulusi tawo timatsalira mu mng'alu. Satifiketi yonyezimira ndiye imachedwa kuuma, choncho yesani kaye pa yowonongeka musanalembe dzina la mwana wa munthu.

Tsopano mtengo. Mapeni ambiri osema ali ndi kapaipi kachitsulo m'kati, ndipo wosemayo amasenda mtengo mpaka kutsala wopyapyala zedi pamwamba pa kapaipiko. Mtengo ukamwa madzi umafufuma, ukauma umafota, koma chitsulo chimakhala chimodzimodzi. Pofota mtengowo umasowa kopita, n'kung'aluka. Ndi zimene zachitikira chivindikiro chanu. Chisiyeni pamthunzi masiku angapo chiume chokha, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto. Kenaka tengani supagulu ndi nsonga ya singano, muyendetse mu mng'alumo pang'ono zedi, mumange ndi ulusi mpaka agwire. Samalani kuti asafike pa mazinga otsekera.

Nyengo yathu nayo simuchitira chifundo mtengo wopyapyala. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyontho chili ponseponse, Juni ndi Julaye ndi chisanu choti tonse tili pa mbaula, Okutobala ndi dzuwa ndi fumbi. Peni yosiyidwa pawindo la kalasi kapena patebulo loyandikana ndi mbaula imafufuma ndi kufota kangapo pa chaka. Isungeni m'kathumba kansalu, m'kabati. Ngati mtengo wake ndi wosapaka vanishi ndipo wayamba kuyera, pakani phula la njuchi pang'ono ndi kansalu, mupukute mpaka uwale. Alimi a njuchi alipo ambiri kuno. Mafuta ophikira ayi, amavunda n'kuyamba kununkha. Polishi wa nsapato amadetsa zala ndi pepala. Ngati ndi wopaka zonyezimira kale, kansalu kouma kakwanira.

Mng'aluwo ukakhala waukulu, amisiri tili nawo. Ku Mua, kumene bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni mu 1976, kwaphunzira osema ambiri, ndipo munthu wodziwa mitengo akhoza kuona ngati chivindikiro chingakonzeke kapena asemenso china pa kapaipi komweko. Ine ndingasankhe mlombwa, chifukwa ukauma bwino sufota kwambiri. Phingo ndi wokongola, wakuda, wolemera mpaka kumira m'madzi, ndipo kunja amapangira zitoliro za oimba, koma wayamba kusowa ndipo kuyambira 2017 malonda ake a pakati pa mayiko ali pansi pa malamulo a CITES, mgwirizano wa mayiko woteteza zomera ndi nyama zimene zikutha. Kachidutswa kotsala pa ntchito ina kakukwanirani. Chachikulu mufunse ngati mtengowo unaumadi, chifukwa wauwisi udzang'alukanso chilimwe chisanathe.

Pali chinanso chimene anthu a kumapiri kuno tiyenera kuchidziwa. Nyanja ya Malawi ili pafupifupi mamita 470 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Dedza ali cha m'ma 1,600. Mukamachokera ku Golomoti kukwera Khwekhwerere, mpweya wakunja umapepuka, wa m'kati mwa peni n'kufutukuka, n'kukankhira inki kunja. Mukafika ku Masasa mupeza chivindikiro chadzaza inki, ndipo inki ikalowa mu mtengo sichoka. Paulendo wotere peni iziyenda nibu ili m'mwamba, yodzaza kwambiri kapena yopanda inki n'komwe, chifukwa yokhala ndi inki theka imakhala ndi mpweya wambiri wokankha inkiyo. Kutentha kwa m'thumba la malaya padzuwa kumachitanso zomwezo.

Mukaikonza, muziitsuka kamodzi pamwezi ndiponso nthawi iliyonse mukusintha mtundu wa inki. Sukulu ikatsekera, itulutseni inki yonse, muitsuke, iume, ndiye muisunge. Ndipo aphunzitsi, nditumizireni chithunzi cha chivindikirocho musanathire supagulu. Ngati mng'alu wafika pa mazinga, kumata sikuthandiza, ndi bwino kupita nacho kwa mmisiri.