Yankho kwa alamu pa za mabuku a mu laputopu

Eee alamu, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, dzulo netiweki inavuta kuno. Ndamva funso lanu lija, kuti mabuku achuluka mu laputopu, ena ali mu Downloads, ena anabwera pa WhatsApp ndi maina aja oyamba ndi DOC, manambala okhaokha, ndiye mukufunsa ngati mupange mafoda ambiri oti muziwasanjamo.

Ayi, mafodawo asiyeni. Foda imasunga buku malo amodzi basi. Tinene kuti muli ndi buku la Biology la Fomu 4, momwemo mulinso mafunso akale a MSCE. Muliika kuti? Ku Biology, ku Fomu 4, kapena ku mayeso? Mapeto ake mulikopera katatu, kenako osadziwa kuti lenileni ndi liti.

Ikani pulogalamu yotchedwa Calibre. Ndi yaulere, anaiyamba Kovid Goyal mu 2006, ndipo mukangoitsitsa kamodzi, kusanja mabuku sikudyanso bandulo. Mukokere mabuku onse mmenemo, kaya ndi PDF kaya EPUB. Ndiye musankhe buku limodzi, mudine E pa kiyibodi, mukonze mutu wake ndi dzina la wolemba, kenako pamene palembedwa Tags mulembe kuti Biology, Fomu 4, MSCE, mukulekanitsa ndi koma. Buku ndi limodzi lomwelo, koma mukadina lililonse mwa mawu atatuwo kumanzere kuja, litulukira. Mukasankha mabuku makumi awiri nthawi imodzi n'kudina E yemweyo, onse mumawapatsa tagi limodzi pakamodzi.

Koma apa ndiye mumvetsetse, chifukwa ine ndinapusa. Ndinkalemba matagi mmene mutu wandiuzira tsiku limenelo. Lero Baibulo, mawa Baibulo Lopatulika, mkuja za tchalitchi, tsiku lina ulaliki. Nditabwerera patapita miyezi, aaa, chinthu chimodzi chili ndi maina anayi, mabuku amwazikana. Mwayi wake, ukasintha dzina la tagi n'kulipatsa dzina la linzake, Calibre imawaphatikiza. Komabe inandidyera Loweruka lonse. Inu mutenge pepala kaye, mulembe mawu khumi kapena khumi ndi asanu, muzigwiritsa omwewo. Muikepo limodzi loti sindinawerenge, limathandiza kwambiri limenelo.

China, Calibre imakopera mabuku mu foda yakeyake, Calibre Library, n'kuwasanja potsata maina a olemba. Musalowemo n'kumasintha maina kapena kusuntha zinthu pamanja, idzalephera kuwapeza. Mukafuna kusunga pa fulashi, kopani foda yonseyo, chifukwa mndandanda wonse ndi matagi anu zili mu kafayilo kotchedwa metadata.db momwemo.

Muyambe ndi a sukulu okhawo kaye, enawo pang'onopang'ono. Mukakakamira penapake mundijambulire sikirini munditumizire. Moni kwa achemwali ndi ana kumeneko.