Funsani Azakhali: Andiitana kukadzipereka ku Katete, ndipite?

Zikomo azakhali. Ndine mtsikana wa zaka 23, ndimakhala kwa Khombedza kuno ku Salima. MSCE ndinakhoza koma fizi yopitira patsogolo inavuta, ndiye pano ndimathandiza amayi kumunda komanso ndine mlembi wa banki mkhonde ya kutchalitchi kwathu. Abusa andiuza kuti pali bungwe lachikhristu likufuna achinyamata okathandiza m'midzi ya ku Katete ku Zambia kwa chaka chathunthu, za ulimi wa mtayakhasu, mijigo, banki mkhonde ndi ana a mkombaphala. Malipiro palibe, akuti chakudya, pogona ndi kangachepe ka sopo basi. Ine mtima ukufuna kwambiri koma amalume akuti zimenezo ndi za azungu oti ndalama ali nazo kale, ife osaukafe tikawapatsa chani anthu? Amayinso akuopa kuti ndikagulitsidwa. Nditani?

Wothedwa nzeru, Salima

Mwanangu, ndiyambe ndi mantha a amayi akowo chifukwa si opanda pake ayi. Unamva za atsikana athu aja anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, kufika uko pasipoti kulandidwa, kugwira ukapolo m'nyumba za anthu. Ndipo kuba anthu kulipo ndithu, nchifukwa chake dziko lino linakhazikitsa lamulo lothana ndi mchitidwewu mu 2015. Dzina la Yesu pa kalata lisakugonetse tulo, akuba nawonso amadziwa kulemba vesi. Ndiye abusawo akupatse dzina lonse la bungwelo, komwe kuli ofesi yake, ndipo ufunse ku likulu la mpingo wanu ngati akulidziwa, osangodalira uthenga wa pa WhatsApp. Upemphe nambala ya munthu amene anapitako kale ucheze naye wekha. Kalata yokuitana inene poyera amene alipire thiransipoti yopita ndi yobwerera, amene akuonere ukadwala malungo, ndi komwe uzikagona. Pa boda ya Mchinji munthu wa ku Malawi amalowa Zambia opanda viza inde, koma chidindo chimenecho ndi cha mlendo wa masiku owerengeka, munthu wokhala chaka akugwira ntchito olo yaulere amafunika chilolezo ndipo bungwelo ndi limene likuyenera kuyendetsa zimenezo. Pasipoti yako izikhala ndi iwe mwini. Akakuuza kuti utumize kaye ndalama pafoni kuti akusungire malo, usiye pomwepo.

Tsopano za amalume, ndi ulemu wonse, apa sindikugwirizana nawo. David Kaunda, bambo ake a Kenneth Kaunda, anali m'Malawi mnzathu wophunzira ku mishoni ya Livingstonia, anapita ku Chinsali ku Zambia kukaphunzitsa ndi kulalikira ndipo sanapite ndi thumba la ndalama. Ndiye zoti kudzipereka ndi kwa azungu okha sizoona.

Tangoganiza zomwe uli nazo iweyo. Katete ndi kwa Achewa, Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika komweko kumene kumachitikira Kulamba mu Ogasiti, ndiye tsiku loyamba lomwe ukhala pamphasa ndi azimayi nkumamvana bwinobwino pamene mnzako wochoka ku Ulaya atha miyezi akuphunzira moni. Khasu ukulidziwa. Ukudziwa kuti mayi akalephera kubweza ngongole ya banki mkhonde mu Febuluwale si ulesi koma nkhokwe yauma, ndipo ukudziwa mmene mumakambirana pagulu kuti asachite manyazi koma ndalama ibwere. Mjigo ambiri amaona ngati ntchito yatha tsiku loimba nyimbo ndi kudula riboni, chonsecho umafa pakapita nthawi chifukwa komiti sinasonkhe ndalama ya mafuta ndi zipangizo, palibe wolemba bwino m'buku, anthu nkubwerera kudambo. Mlembi wokhulupirika ngati iwe ndi amene amasowa malo otere, ine zimandiwawa kuona achinyamata athu akudziderera chonchi.

Koma ukapita usakafike ngati bwana. Ukaonekere kwa amfumu, umvetsere kaye, mtayakhasu usakawaumirize munda wonse, ayese kachigawo kakang'ono aone okha kusiyana kwake pokolola. Ndipo thandizo lisakhale la a mpingo wanu okha, kwanu ku Salima mumatunga madzi limodzi ndi Asilamu, kumenekonso ukatumikire aliyense osamufunsa komwe amapemphera.

Chotsala ndi kunyumba. Chaka chathunthu ndiye kuti dzinja lonse amayi alima opanda iwe, ndiye mukhale pansi ndi amalume omwewo mugwirizane amene athandize kupalira ndi kugula feteleza, komanso uphunzitse wina kusunga buku la banki mkhonde usanachoke. Zikayankhidwa bwino zonsezi ine ndikuti pita mwanangu, ndipo pomaliza chakacho ukapemphe kalata ya umboni wa ntchito imene wagwira, idzakuthandiza pofunsira ntchito kapena sukulu ukabwerako.

Azakhali