Alamu, musasaine kaye za galimotoyo

Eee, alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa mzere wa mafuta ku Katoto kuno ku Mzuzu ndiye foni inali m'thumba. Voice yanu ndaimvetsera kawiri, ndaonanso zimene azakhali alemba zoti mungotenga poti mwadikira nthawi yaitali. Ndiyankhira pagulu pompano kuti enanso amve, chifukwa mawa adzagula ndi iwo.

Ngati ndamva bwino, nkhani ili chonchi. Galimoto ija munalankhulana ndi bambo wa pa yadi uja yafika kuchokera ku Dar. Munapereka kale theka la ndalama. Dzulo munaizungulitsa pang'ono m'tauni, ndipo ponyamuka pa roundabout munamva ikunjenjemera, kenako n'kudumpha ngati wina waikankha kumbuyo. Iwo akuti ma automatic amatero, musaine, mumalize ndalama, mutenge lero, chikavuta adzaona. Ndiye mukufunsa kuti mutenge kapena musiye, nanga mukasiya dipoziti yanu ipita?

Alamu, lero musasaine chilichonse, musamalize ndalama, ndipo galimotoyo isagone kunyumba kwanu. Igone pa yadi pawo pomwepo. Sindikunena kuti yafa ayi, sindinaione. Koma mawu aja akuti "chikavuta tidzaona" ndimawadziwa bwino. Panopa akuyankha foni yanu ikangolira kamodzi chifukwa theka la ndalama lili m'manja mwanu. Mukangolipereka, mudzakhala inu woimba, iwo ali ku Songwe kukatenga ina.

Ndiponso lamulo lili mbali yanu pamene muli panopa. Pa lamulo la Sale of Goods Act, wogula ali ndi ufulu woona bwinobwino katundu asanavomere kuti walandira. Koma mukanena kuti mwalandira, kapena mukayamba kuchita nayo ngati yanu, monga kukasintha umwini ku Road Traffic kuti blue book ituluke m'dzina lanu, kapena mukakhala nayo masiku ambiri osanena kanthu, kuibweza kumavuta kwambiri. Chowawa china n'chakuti vutoli mwalimva kale ndi thupi lanu. Mukaitenga choncho, tsiku lokangana adzangoti, "Mayi, si munaiyesa nokha inu?"

Tsopano za giyabokosi. Timagalimoto tambiri tochokera ku Japan masiku ano, monga Vitz, Note, Fit, Ractis, Sienta, timakhala ndi giyabokosi ija amati CVT. Imeneyo ilibe magiya olumana mano ngati akale aja. Muli lamba wachitsulo amene amayenda pakati pa mawilo awiri otchedwa ma pulley, ndipo ma pulley amenewa amatseguka ndi kutsekeka malinga ndi liwiro. Ndiye CVT yabwinobwino simumva n'komwe ikusintha giya. Mukaponda, injini imalira kukwera, n'kukhazikika pamenepo, liwiro n'kumabwera pang'onopang'ono. Zimenezo si vuto, ndi mmene inapangidwira, ndipo ambiri amene anazolowera manual amachita nazo mantha pachabe. Koma kunjenjemera ponyamuka ndi kudumpha, ayi, si chibadwa chake. Pena ndi oyilo amene watha mphamvu, pena ma mounting a injini atha, pena mapulagi chabe, ndipo zonsezo n'zotchipa kukonza. Koma pena ndi lamba uja waterereka n'kukanda ma pulley, ndipo zikafika pamenepo amakaniko ambiri kuno satsegula n'komwe, amangoti gulani giyabokosi ina. Ndiye funso ndi lakuti vuto lanu lili gulu liti, ndipo sitingadziwe pozungulira roundabout kamodzi.

Kumbukiraninso kumene yadutsa. Kuchokera ku Dar kufika kuno ndi makilomita oposa 1,000. Yakwera Kitonga ku Tanzania uko, yadutsa pa Songwe, Karonga, n'kudzakwera Chiweta. Ine ndayendapo njira imeneyo ndi magalimoto a anthu, ndikudziwa mmene anyamata ena amathamangira kuti abwerere msanga akatenge ina. CVT imadana ndi kutentha. Ikhoza kuchoka ku Japan ili bwino n'kudzavulalira panjira.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera ine, mwina achimwene anakuuzanipo. Kagalimoto kanga koyamba kaja kanali kowala, mipando yoyera, fungo la ku Japan likadali momwemo. Kankanjenjemera pang'ono ponyamuka, chimodzimodzi mmene mwafotokozeramu. Wogulitsa anati ndingosintha oyilo. Ndinamaliza ndalama, ndinasintha umwini. Sipanathe mwezi, ndikuchokera ku Karonga ndi ana, pakati pa Chiweta injini inangolira, galimoto osapita. Tinatsika, n'kuika miyala kumatayala, dzuwa likulowa, ma truck akutidutsa pafupi. Titaikokera ku galaji, makaniko anamasula chibeseni cha pansi pa giyabokosi n'kundionetsa timaginito timene timakhala mmenemo. Tinali titadzaza tizitsulo ngati utuchi. Anandipaka pachala kuti ndimve ndekha. Oyilo wake anali wakuda, akununkha ngati ndiwo zopserera. Wogulitsa uja anandiyankha mawu amodzi okha, kuti galimoto ndi yanga. Ndalama ya giyabokosi ina inali ya fizi ya ana, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwawa. Akuluakulu aja ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake ndikulankhula motalika chonchi, mundikhululukire.

Ndiye tichite izi. Muwauze kuti mukufuna kuiyesanso mawa m'mawa, ndipo asailize inu musanafike. Mufike muigwire boneti, ikhale yozizira. Kuzizira kwa Mzuzu kuno kumatithandiza, chifukwa giyabokosi yodwala imadziulula ikadali yozizira. Mukatsegula kiyi musanalize, magetsi onse a pa dashibodi ayake, kuphatikizapo ka check engine kaja, kenako azime injini ikalira. Kakapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anakaseweretsa. Kenako phazi pa buleki, muike pa R, muwerenge. Igwire pasanathe masekondi awiri, mosagunda. Mubwerere pa N, muike pa D, chimodzimodzi. Muchite kangapo. Ikamachedwa kugwira kapena ikamagunda kuti gu, mulembe penapake.

Mukatero tituluke m'tauni. Msewu wabwino woyesera ndi wa ku Nkhata Bay, chifukwa Mzuzu tili pamwamba, mamita oposa 1,200, pomwe nyanja ili pansi osafika 500. Titsike mphindi 20 kapena kuposerapo, titembenuke, tikwere tili anthu atatu kapena anayi m'galimoto. Pokwerapo ndi pamene zonse zimaonekera. Pa chitunda tiime, tinyamukenso pang'onopang'ono. Timvetsere ngati ikulira kuti wiiii mokweza pamene liwiro likukwera, ngati muvi wa injini ukudumphadumpha phazi lili malo amodzi, kapena ngati yangofooka mwadzidzidzi itatentha. Wailesi izime, mawindo atsekedwe. Akanena kuti mafuta mulibe, thirani anu, malita asanu si kanthu poyerekeza ndi giyabokosi. Akanena kuti singatuluke poti sinalembetsedwe, muwafunse kuti nanga kuchokera ku Songwe inabwera bwanji.

Tikabwerako tipite nayo kwa makaniko amene mwasankha inu, osati mnzawo wa iwo. Ku Luwinga alipo amene ali ndi makina a diagnosis. Koma mufunse kaye ngati makinawo amalowa mu kompyuta ya giyabokosi, chifukwa ena otchipa aja amawerenga injini yokha n'kukuuzani kuti zonse zili bwino. Ma code a giyabokosi ambiri amayamba ndi P07, monga P0700. Makaniko wodziwa amathanso kuona ngati wina wafufuta ma code posachedwa, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna tiiike pa makina titayenda kale ulendo uja, kuti chimene chinafufutidwa chibwerere. Aone pansi ngati pakudontha. Aonenso oyilo, adonthetse pa pepala loyera. CVT zambiri zilibe kandodo koyezera, ndiye amachita kumasula pansi. Asanunkhe kupserera, asakhale wakuda, asanyezimire tizitsulo.

Pa oyilo pomwepa ndichenjeze onse amene ali pagulu pano. CVT ili ndi oyilo wakewake. Nissan ili ndi NS-2 ndi NS-3, Toyota ili ndi TC ndi FE, Honda ili ndi HMMF ndi HCF-2, malinga ndi chaka cha galimoto. Munthu akathira oyilo wamba wofiira wa ma automatic uja amati ATF, lamba amaterereka, giyabokosi n'kutha. Ndiye bambo aja akati "tisintha oyilo zitheka", afunseni kuti oyilo wanji, ndipo chigubu muchione ndi maso anu. Komanso oyilo watsopano amatha kubisa vuto kwa masabata angapo, choncho asasinthe tisanaione.

Munditumizirenso nambala ya chassis. Makampani a ku Japan amaika pa intaneti magalimoto amene anawaitanitsa kuti akakonzedwe, ndipo ndi nambala imeneyo timatha kuona. Mwachitsanzo Honda Fit Hybrid imene inatuluka mu 2013 inaitanitsidwa kangapo mu 2013 ndi 2014 chifukwa cha pulogalamu yoyendetsa giyabokosi yake ya makilatchi awiri. Pemphaninso auction sheet, pepala la kumsika kumene inagulidwa ku Japan, ngati ali nayo. Pamakhala giredi ndi makilomita amene inali nawo ku Japan, tifananize ndi amene akuoneka pa dashibodi.

Tsopano tikapeza chiyani, mutani? Ikapezeka kuti ndi mounting kapena mapulagi, akonze iwo ndi ndalama zawo, tiiyesenso, mumalize, mutenge mosangalala. Ikapezeka kuti giyabokosi ili ndi vuto, ine ndinganene kuti muikane basi. Akubwezereni ndalama, kapena akupatseni ina pa yadipo imene tidzaiyese chimodzimodzi. Adzakunyengererani kuti akuchotserani mtengo, mukakonze nokha. Njira imeneyo ilipo, koma musavomere musanafunse mtengo wa giyabokosi ina, kuibweretsa kuno, oyilo wake, ndi ya makaniko, ndipo mudziwe kuti yogula ija nayonso ndi yakale, palibe amene anaiona m'kati.

Povuta ndi pamene makina sakuonetsa kanthu koma inu mukumvabe kunjenjemera. Pamenepo ngati mwaikonda kwambiri, mutenge ndi pepala. Osati pakamwa, osati "timadziwana". Pepala lolembedwa kuti tsiku lakuti, galimoto ya chassis yakuti, makilomita akuti, wogula wadandaula za kunjenjemera ponyamuka, ndipo giyabokosi ikavuta mkati mwa miyezi itatu wogulitsa adzakonza kapena kubweza ndalama. Asaine iwo, musaine inu, pakhale mboni ziwiri. Ndipo mugwireko gawo la ndalama yotsalayo mpaka nthawiyo ikwane. Munthu amene akuikhulupirira galimoto yake savutika kusaina zimenezo. Akakana kuyesa, akakananso kulemba, kwa ine yankho ndiye limenelo.

Azakhali anafunsa kuti nanga si yatsopano, ilibe warranty? Azakhali, yatsopano ya mu showroom, ija sinayendepo, imabwera ndi buku la warranty la kampani, zaka ndi makilomita zolembedwa, ndipo ngakhale imeneyo munthu amayenera kulembetsa dandaulo lake pa pepala lolandirira asanatuluke nayo pageti. Koma iyi ndi yatsopano kwa ife chabe. Ku Japan inayenda kale. Warranty yake ndi imene alamu alembetse okha pa pepala lija.

Za dipoziti, alamu, zidalira zimene zinalembedwa pa lisiti, ndiye mundijambulire usiku uno. Mauthenga onse a pa WhatsApp amene ankanena kuti galimoto ili bwinobwino musafufute, ajambuleni musunge. Lero lomwe muwalembere uthenga, osati kuimba, wonena kuti munamva vuto poyesa ndipo simunailandire galimotoyo mpaka iunikidwe. Uthenga umenewo ndi umboni. Akakana kubweza ndalama galimoto itapezeka ndi vuto, kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lija amati CFTC, limene limalandira madandaulo a ogula, kulinso lamulo la Consumer Protection Act la 2003, ndipo khoti la majisitireti lili pompano m'tauni. Koma musayambe ndi kuopseza. Lankhulani nawo mwaulemu, nawonso akufuna dzina labwino, Mzuzu ndi wochepa.

Chinthu chimodzi chokha chimene chingasinthe zonse ndanenazi ndi dzina limene lili pa mapepala. Muone pa mapepala a sitima ndi a MRA aja. Ngati pali dzina la iwo kapena la bizinesi yawo, ndiye kuti akukugulitsani, ndipo zonse zili mmene ndafotokozera. Koma ngati pali dzina lanu, ndiye kuti iwo anali ongokuitanitsirani, galimotoyo ndi yanu kale, ndipo dandaulo lipita kwa amene anaitumiza ku Japan. Amenewo amapereka masiku ochepa odandaulira, ndiye tidzafunika kanema ndi lipoti la makaniko mwamsanga. Choncho muone zimenezo musanagone.

Mawa ndilibe ulendo. Ndidzakupezani kunyumba 6 koloko, tikafike pa yadi asanatsegule geti. Achimwene abwere nawo kuti tilemere pokwera chitunda. Mutenge lisiti, pepala loyera ndi cholembera, koma ndalama yotsalayo muisiye ku banki. Moni kwa ana, muwauze kuti galimoto ibwera, angodikira pang'ono.