Timaungu tikugwa tisanakule: kodi njuchi zatha?

Mayi ena a ku Mkanda, ku Mchinji, anditumizira imelo. Akuti maungu awo amachita maluwa ambiri, koma timaungu timagwa tisanakule. Akufunsa ngati njuchi zatha, poti tchire la kuseri kwa munda wawo anthu analimamo soya.

Mayi, mwaganiza bwino. Mungu wa chimanga umayenda ndi mphepo, mtedza ndi soya zimabereka ngakhale njuchi zisafikepo, n'chifukwa chake njuchi zikamachepa ambiri sitizindikira. Koma dzungu ayi. Duwa lalimuna lili palokha, lalikazi, lija lokhala ndi kadzungu kunsi, palokhanso. Limatseguka mbandakucha n'kufota dzuwa lisanafike paliwombo. Kachilombo kakapanda kubweretsa mungu m'maola amenewo, kadzungu kaja kamachita chikasu n'kugwa.

Musangoganiza za njuchi za mumng'oma. Padziko pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, ndipo yambiri sipanga uchi. Ina imakumba timauna m'nthaka, ina imaboola mitengo youma ngati bemberezi, ndipo zing'onozing'ono siziuluka patali. Tchire likalimidwa, mitengo n'kuthera ku zigafa za fodya, zimasowa pogona ndi maluwa a m'chilimwe. Vuto lina ndi mankhwala omwe takhala tikupopera chibwerere ntchemberezandonda cha m'ma 2016 ndi 2017.

Ofufuza amatchera timbale tachikasu, tabuluu ndi toyera tothira madzi a sopo, n'kuyerekeza tizilombo togwamo m'minda yoyandikana ndi nkhalango ndi m'minda yapatali. Amavundikiranso maluwa ena ndi neti kuti aone kusiyana kwa zokolola. Inu timbale musavutike nato. Pitani kumunda cha m'ma 6 koloko m'mawa, muime mphindi khumi pa maluwa angapo, muwerenge zoterapo. Mukapeza zikusinthana, vuto lili kwina, mwina ng'amba kapena nthaka yaguga.

Ngati kuli zii, thyolani duwa lalimuna, muchotse masamba ake achikasu, kamutu ka mungu mukakhudzitse pakati pa duwa lalikazi. Duwa limodzi limakwanira aakazi awiri kapena atatu. Chiluwe chotendera n'chokoma, sindikukana, koma muzithyola njuchi zitamaliza ntchito yake, osati kukangocha.

Kupopera kuzikhala madzulo. M'malire mwa munda musaotche, ndipo chitsa chouma chija ndi thengo la pachulu muzisiye, chifukwa ndi momwe njuchi zimaswana.