Akuti mumufufute mu app yanu? Mufufuteni basi achimwene

Achimwene ena aku Luchenza anditumizira imelo. Ali ndi ka app komwe anthu amaikamo ndakatulo ndi tinkhani tawo, ndiye mtsikana wina wawalembera kuti amuonetse zonse zomwe akusunga zokhudza iyeyo, kenako azifufute. Achimwenewo akufunsa ngati ndi zokakamiza, poti ndakatulo zakezo ndi zomwe zimakoka anthu.

Achimwene, funso lanuli landipweteka mtima pang'ono, musandida.

Ndili ndi msuweni wanga kuno ku Mulanje, amagwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Banja lake litavuta analemba zonse pa app ina ya nkhani, dzina lake lenileni, mudzi, mpaka zomwe apongozi ananena, mukudziwa mmene munthu amalembera mtima ukatentha. Ankhoswe anakhala pansi, nkhani inatha, banja linabwerera mwakale, iye n'kuchotsa app ija mufoni poganiza kuti zapita. Ayi ndithu. Tsiku lina akugula tomato pa Chitakale mayi wina anangomuonetsa foni, "kodi si inu awa?" Anabwera kwathu maso ali psuu, tinakhala pakhonde kunja kuli chiperoni, network ikungobwera n'kuthawa, tikusaka poti tidine kuti akaunti ifufutike, koma zomwe zinalipo ndi log out basi. Tinalemba imelo, zii. Bandulo kutha. Eni app aja atayankha patapita nthawi anangosintha dzina lake kukhala "user" ndi manambala, koma nkhani ili pompo, mudzi uli pompo, ndani kwathu kuno sangazindikire?

Ndiye ine zobisa dzina n'kumati tafufuta ndimadana nazo, ndi bodza lamkunkhuniza. Ndipo zoti ndakatulo zake zimakoka anthu si chifukwa ayi, zimenezo ndi zofuna zanu osati zake. Anakusungitsani chabe. Munthu akakusungitsa thumba la chimanga n'kubwera kudzatenga sumamufunsa kuti ukufuna ukatani nacho.

Komanso tinene za manambala a foni. SIM ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imatha kupereka nambalayo kwa wina, ndiye ngati app yanu imalowetsa munthu ndi code ya pa SMS, mwini watsopano akhoza kutsegula akaunti ya mnzake n'kuwerenga zonse. Maakaunti akale omwe mukungosungawo ndi ngozi kwa inu nomwe.

Nanga malamulo akuti chani?

Apple inayamba kukakamiza pa 30 June 2022 kuti app iliyonse yotsegulitsa akaunti ikhalenso ndi pofufutira mkati momwemo. Google Play inalengeza zofananazo mu 2023, ndipo iwo amafunanso link ya pa intaneti yoti munthu apemphe ngakhale app anaichotsa kale, za msuweni wanga zija. Kuno kwathu tili ndi Data Protection Act ya 2024, oyang'anira ndi a MACRA, ndipo imapatsa munthu ufulu woona komanso kufufutitsa zinthu zake. Ngati muli ndi owerenga ku Ulaya, lamulo lawo loteteza data ya anthu lotchedwa GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limati muyankhe pasanathe mwezi umodzi.

Chochita n'chochepa. Tsimikizani kaye kuti ndi iyedi, ayankhe pa imelo kapena nambala yomwe analembetsera, musamuuze kuti atumize chithunzi cha National ID, mukungodziwonjezera katundu wina wosunga. Mutumizireni file yomwe angathe kutsegula pafoni, muli zolemba zake, ma comment, nambala ndi tsiku lomwe analowa. Akalandira fufutani pa seva, kompyuta yomwe imasunga zonse za app yanu, osaiwala mndandanda wa ma notification ndi makampani a analytics, aja owerengera mmene anthu akugwiritsira ntchito app, omwe mumawapatsa data. Za mu backup, makope aja mumasunga padera, muuzeni zoona kuti zidzachoka liti. Ngati analipirapo kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, marisiti okhawo mukhoza kusunga chifukwa cha za msonkho, koma mumuuze kuti mwasunga chani.