GCC kapena Clang, idzayamba kufa ndi iti?

Achimwene mwafunsa kuti pakati pa makompaila awiriwa (mapulogalamu osandutsa khodi kukhala pulogalamu yoti kompyuta iyendetse), GCC ndi Clang, mudalire iti pa pulojekiti yanu ya C, poopa kuti ina ingadzafe pakapita zaka 10 inu nkutsala padzuwa. Mtima m'malo kaye.

GCC ndi nkhalamba, inatuluka mu 1987 m'manja mwa Richard Stallman, koma musaganize kuti ulendo wake unali wa myaa. Mu 1997 madivelopa ena anatopa ndi mmene zinthu zimachedwera, anangotenga khodi yonse nkuyambitsa yawo yotchedwa EGCS, ndipo yawoyo inathamanga zedi mpaka mu 1999 a FSF (Free Software Foundation, bungwe la Stallman limene linkasamalira GCC) anavomera kuti basi imeneyi ndiye GCC tsopano. Ndiye imene mukugwiritsa ntchito leroyi ndi mdzukulu wa ogalukira aja kkkk. Ine chimandilimbitsa mtima nchimenechi, eni ake akagona ena amangosenza katunduyo nkumapitiliza, laisensi imalola.

Clang ndi mwana wa LLVM, pulojekiti ya zida zopangira makompaila imene Chris Lattner anayamba ku University of Illinois mu 2000, kenako Apple inamulemba ntchito. GCC itasamukira ku laisensi yatsopano ya GPLv3 mu 2007 a Apple sanafune zimenezo, anakakamira pa GCC veshoni 4.2.1 kwinaku akulera Clang, moti lero pa Mac mukalemba gcc imene imakuyankhani ndi Clang yomweyo. Sisitimu ya FreeBSD inasinthanso nkupita ku Clang pa veshoni 10, Android NDK (zida zolembera khodi ya C pa Android) inachotseratu GCC mu 2018. Koma Debian ndi Fedora (mitundu ya Linux) akumangabe ndi GCC, kabodi ka Arduino Uno ndi avr-gcc (GCC ya ma chip a AVR), Linux kernel imamangika ndi zonse ziwiri, ndiye tandiuzani, afe ndani apa?

Mpikisanowu watipindulira ife. Amene munayamba kale mukukumbuka ma error a GCC aja, chiganizo chautali osadziwa kuti vuto lili pati, Clang itabwera nkumaloza penipeni palakwikapo GCC inachita manyazi, pofika 4.8 nayonso inayamba kuloza.

Chimene ndingaope ine si kompaila kufa ayi, koma khodi yanu kukwatiwa ndi imodzi. Mwachitsanzo ma nested function (function yolembedwa mkati mwa inzake) amene GCC imalola aja Clang imawakana, asiyeni. Ikani -std=c11 -Wall -Wextra (kutsatira muyezo wa C11 ndi kuyatsa ma warning) muzimanga ndi zonse ziwiri. Ine ndinakhalapo masiku atatu ndikunyoza kompaila kuti yandiphwanyira pulogalamu pa -O2 (pamene kompaila imafulumizitsa khodi), kumanga ndi inayo ndiye warning mbee, variable ndinaisiya ndekha yopanda value.